Timawaya ta M'makutu mwa Mkamwini Wanga

Senderani kuno. Inu mwakhala pa mtondopo bwerani pamphasa, mawu anga masiku ano safika patali. Khalani pafupi mumve bwino, chifukwa sindibwereza. Ine sukulu sindinaipondeko, ndiye amene wagwira cholemberayu ndi mwana wanga wamkazi, mwini wake wa mwamuna amene ndikufuna kumunenayu. Ndamuuza kuti alembe monga ndikuyankhulira, asadumphe pamene pakumuwawa.

Chaka chimene ndinathyoka mwendo ndi chimene ndinatsala pang'ono kumuchotsa mkamwini wanga pamudzi pano.

Ndinaterereka pa mwala wa ndere pochokera kumtsinje, ndowa uko ine uko. Atandichotsa chikhakha, a chipatala cha ku Boma anati ndizipita kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu, kuti azikandiwongola mwendowo ndi kundiyendetsa pakati pa zitsulo ngati mwana wophunzira kuyenda. Ife tili kuno kufupi ndi Limbuli, Boma si pafupi. Mwana wangayu nthawi imeneyo ankathyola tiyi kuesiteti, ankalawira kusanayere, sakanatha kundiperekeza. Amene ankapita ku Boma tsiku ndi tsiku anali mwamuna wake, ankagwira ntchito m'sitolo yaikulu yogulitsa katundu wopikula, kutsitsa makatoni ndi kuwamasula. Ndiye anati ndizipita naye iyeyo.

Ana a lero mwina museka, koma kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Anabwera kudzakhala pamudzi pathu monga amachitira amuna onse, nyumba anamanga pamalo pamene ndinamulozera ine, koma zaka zonsezo sitinadyerepo m'mbale imodzi. Tikakumana panjira iye ankapatukira m'chimanga. Ndikafuna kumuuza kanthu ndinkauza mkazi wake, ngakhale iye ali chilili pomwepo. Si udani, ndi ulemu.

Ndiye m'minibasi ankachita chonchi. Ankauza kondakitala kuti agogowa muwapatse pafupi ndi chitseko, mwendo wawo supinda. Ndikakhala, ankandipatsira ndodo yanga ndi manja awiri maso ali pansi, n'kukakhala mpando wakutsogolo kwanga. Nkhope yake sindinkaidziwa bwino, koma nkhongo yake ndinaidziwa kuposa mkazi wake.

Minibasi ikangochoka pa siteji, ankatulutsa m'thumba timawaya tiwiri toyera, n'kutitseka m'makutu, mbali ina n'kulumikiza ku foni. Poyamba ndinati ndi nyimbo. Koma womvera nyimbo amagwedeza phewa, chala chimaguguda pabondo. Uyu ayi. Ankakhala duu, kenako n'kugwedeza mutu ngati munthu amene akuuzidwa malangizo. Pena ankapukusa mutu kukana. Pena ankaseka yekha, mapewa n'kumanjenjemera. Kenako ankasolola kakope kakang'ono n'kumalemba pabondo, minibasi ikudumpha m'maenje, minda ya tiyi ikudutsa pawindo iye osaiona n'komwe. Pakamwa pake sipankatuluka mawu. Munthu wanji amene amakuyankhula kuchokera ku Limbuli mpaka ku Boma, iwe osamuyankha ngakhale kamodzi?

Tsiku lina tinapanikizana kwambiri, anakweza mayi wa madengu a nthochi ndi bambo wa nkhuku, mpaka mutu wanga unafika pafupi ndi khutu lake. Ndinamva timawu tikutuluka m'kawayako ngati udzudzu. Kenako ndinamva kuseka. Kunali kuseka kwa mkazi. Ndipo iye anaseka nawo.

Madzulo ake ndinamuitana mwana wanga kuseri kwa khitchini.

"Amuna akowa amayankhula ndi ndani m'minibasi?"

"Sayankhula ndi munthu, amayi. Amangomvera."

"Kumvera mkazi akuseka?"

Anaseka iyenso, ine mtima uli m'mwamba. "Ili ngati wailesi. Kungoti si ya nthawi yomweyo. Anthu amakhala pansi n'kumacheza, n'kujambula mawu awo, ndiye iwo amakatenga ku Boma pa intaneti n'kusunga m'foni. Amati podikasiti. Amamvera panjira kuti ulendo ufupike."

"Anthu ake a kuti?"

"A kunja. Amayankhula Chingelezi."

"Amacheza za chiyani, za Mulungu?"

"Ayi, za makadi. Za kapangidwe ka masewero a makadi."

Kukanakhala bwino akanati ndi mkazi. Mkazi ndikanadziwa pomugwira. Koma makadi.

Malemu bambo ake a mwanayu anali munthu wofatsa, wolimbikira, dengu lawo la tiyi linkadzadza anzawo asanafike pakati. Makadi anawapeza kuseri kwa makomboni, Loweruka la malipiro. Inayamba kupita ndi njinga. Kenako wailesi. Kenako mbuzi, imene sinali yawo n'komwe, inali yanga yochokera kwa mayi anga. Tsiku lina anafika pakhomo opanda jekete, opanda nsapato, akumwetulira ngati mwana amene waswa chikho. Sankamenya, sankatukwana. Ankangotulutsa zinthu m'nyumba chimodzichimodzi mpaka tinatsala ndi mphasa ndi miphika. Mwana wangayu anali wamng'ono, sakumbukira. Ine ndimakumbukira zonse.

Ndiye kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Akaseka m'minibasi ndinkati akumuphunzitsa kubera anzake. Akalemba m'kakope ndinkati akulemba machenjerero. Lachisanu lotsatira, titatsika pa depoti ku Boma, anandikhazika pa benchi kuti akandiitanire kabaza wopita kuchipatala. Ndinamutsatira ndi maso. Asanafike kwa akabaza anapatukira pakhonde la sitolo ina pamene pankakhala telala ndi makina ake. Anapatsana moni. Mkamwini anatulutsa kanthu m'thumba la malaya, telala naye anatsegula kabokosi ka ulusi n'kutulutsa kake. Anayang'anitsitsa, anakambirana, telala anakana, anatulutsa kena. Kenako anasinthana, aliyense n'kubisa m'thumba, n'kugwirana chanza. Anali makadi. Masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu.

M'mawa mwake onse atapita kuntchito ndinalowa m'nyumba mwawo. Lemba, usandiyang'ane choncho, ndinalowadi. Sindinavutike kufuna. Pamwamba pa kabati panali chitini cha mabisiketi, m'kati mwake makadi odzadza, omangidwa m'mitolo ndi timalabala.

Sanali ngati makadi a malemu aja, a mfumu ndi mfumukazi. Awa anali odula pamanja, kuchokera ku makatoni a kusitolo kwake. Kumsana kunkaoneka zidutswa za zimene zinali pa katoni, kwina kofiira kwa sopo, kwina kobiriwira kwa tiyi, kwina theka la duwa, kwina mwendo wa chilembo. Kumaso anamata pepala loyera n'kujambulapo. Panali chimanga, nandolo, chinangwa, chinanazi, kalongonda. Panali nyani atanyamula chisononkho, mbozi yonenepa, galu, khasu. M'ngodya anaika timadontho, kwina kamodzi, kwina tinayi. Ndinawatembenuza limodzilimodzi mpaka ndinafika pa lina limene linandiimitsa tsitsi. Chinjoka chachikulu chikutsika m'phiri, madzi ndi miyala zili pambuyo pake, tinyumba tikukokoloka. Napolo. Ife a m'munsi mwa phirili dzina limenelo sitiliseweretsa. Tinaika anthu m'manda, ena sitinawapeze n'komwe. Iye analijambula pa katoni ya sopo.

Masiku atatu ndinkalowa n'kumawayang'ana, kufuna kumvetsa kuti njuga yake ikuyenda bwanji. Sindinamvetse. Tsiku lachitatu ndinatenga la napolo lija, ndinalimanga pa mfundo ya chitenje, n'kutsimphina ndi ndodo yanga kupita kwa achimwene anga.

Achimwenewo ndiwo eni mbumba, malume ake a mwanayu, ndiponso nkhoswe ya ukwati wake. Anagwira ntchito ya ulonda kuesiteti mpaka kupuma, ndipo kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo. Kadilo anakana kuligwira. Anati ndiliike pansi, n'kumalitembenuza ndi kamtengo.

"Mlamu wanga uja anakusiyani pamphasa, ine ndikuona," anatero. "Nthawi imeneyo ndinali mnyamata, ndinalibe mawu. Pano ndili nawo. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi abwere ndi nkhoswe yake. Ngati ndi njuga, apinde bulangete lake azipita kwawo ku Milonde. Nyumba ndi ana zitsala."

Ndinabwerera ndikumva kuti ndachita bwino. Ndinafika pakhomo ndikumva kuti mwina ndafulumira. Mwana wanga atamva anabwera pakhomo panga, mwana wake wamng'ono ali kumbuyo.

"Mukanandifunsa ine, amayi."

"Ndinakufunsa. Unaseka."

"Munthu sakumwa, sakundimenya, ufa sunatheko m'nyumba. Mukufuna ndikhale ndekha ngati inu?"

"Inenso ufa sunathe tsiku loyamba."

Anachoka, ndipo mpaka Lamulungu sanandipatse moni.

Lachisanu la sabata imeneyo ndinayenera kupitabe kuchipatala. Ndinkaganiza kuti andisiya. Koma anabwera monga mwa masiku onse, anauza kondakitala za mwendo wanga, anandipatsira ndodo ndi manja awiri. Anakhala kutsogolo kwanga. Timawaya sanatitulutse. Ulendo wonse makutu ake anali pululu, akungoyang'ana pawindo. Ndinadziuza kuti wolakwa ndi amene amabisa. Koma nkhongo ija tsiku limenelo sindinathe kuiyang'ana nthawi yaitali.

Lamulungu masana tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kwa achimwene. Iwo pampando, nkhoswe ya mkamwini, amene anali mkulu wake wa ku Milonde, pampando wina. Mkamwini anakhala pansi, chitini chili patsogolo pake. Ine ndinakhala pamphasa cham'mbali, mwana wanga pakati pa ine ndi mwamuna wake.

Achimwene anayamba ndi nkhani ya mawu a m'foni aja. "Tiyambe tawamva anthu amene amakuyankhulani m'makutuwo. Asayankhulire kumbali, ayankhule pano."

Mkamwini anaika foni pa kampando n'kuikweza mawu. Munatuluka mawu a amuna awiri ndi mkazi mmodzi, akuyankhula mothamanga, akulandana mawu, akuseka. Achimwene, amene amati Chingelezi anachiphunzira kwa azungu a kuesiteti, anatsamira kutsogolo, dzanja kukhutu. Anamvetsera nthawi ndithu.

"Chizungu ichi n'cha m'mphuno," anatero. "Si chimene timadziwa ife. Tamasulirani."

"Apa, malume, bamboyo akunena kuti ukapanga kadi lamphamvu kwambiri, masewero amafa, chifukwa amene walitola wapambana kale. Ndiye mayiyo akuti kadi lotero uzilipatsa mtengo wake, kuti woliponya naye amve kuwawa. Winayo akutsutsa, akuti anthu amakonda kadi loopsa, usalichotse mano onse."

"Iwowa akukudziwani?"

"Ayi."

"Mukayankha amamva?"

"Ayi, anajambula kale, miyezi yapitayo."

"Nanga mutu mumagwedezera ndani?"

Mkulu wake wa mkamwini uja anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinamugwira mwana wanga pabondo. "Uwafunse amuna akowo. Anthu amenewa akufuna chiyani kwa iwo? Munthu sangamayankhule tsiku ndi tsiku kwa mlendo amene sakumuona popanda chimene akufuna."

Mwana wanga anabwereza, ngakhale onse anali atamva. Mkamwini anayankha akuyang'ana chitini. "Uwauze amayi kuti kwa ine sanapemphepo kanthu. Ndi anthu okonda zimenezi basi, ngati amene amakhala pa bawo tsiku lonse n'kumakangana za kasewereredwe."

"Uwauze kuti a pa bawo timawaona nkhope."

Kenako anafotokoza za makadi ake. Anati kunja kuli masewero amene munthu aliyense amakhala ndi mtolo wakewake, amausonkhanitsa pang'onopang'ono, n'kumasinthana ndi anzake kuti mtolo wake ulimbe. Koma makadi akunjawo ndi a zinyama zimene kuno kulibe. Iye atamva anthu aja akufotokoza mmene amapangira, anati bwanji ndipange athu, a kumunda. Aliyense ali ndi munda. Umabzala mbewu, ikakhala maulendo atatu osaonongeka wakolola. Mnzako amakutumizira nyani kapena mbozi, iwe umatchinga ndi galu kapena phulusa. Woyamba kudzadza nkhokwe ndi zokolola zisanu wapambana. Timadontho anaika m'malo mwa manambala chifukwa mayi wa m'foni uja ananena tsiku lina kuti masewero abwino ndi amene angaseweredwe ndi munthu wosadziwa kuwerenga.

"Nanga telala wa pa depoti?" anafunsa achimwene.

"Ndinamupangira mtolo wake kuti tiziyesa. Iye anali ndi agalu awiri koma analibe mvula. Ine ndinali ndi mvula ziwiri. Tinasinthana."

"Pansi simuika kanthu?"

"Palibe, malume."

"Wanjuga aliyense amatero. Nanga ichi?" Analoza napolo ndi kamtengo kawo.

Mkamwini analitola kadilo n'kulibwezera m'chitini. "Munda wa kuno wopanda ameneyu ndi wabodza, malume. Inenso anandilanda azakhali anga. Ndinamuika mmodzi yekha, ndipo womuponya naye amataya mbewu zake."

Achimwene anati mawu okha sakwanira, aone ndi maso mmene zimayendera. Koma iwo monga mkulu wa mpingo sakanagwira kadi. Mkulu wake wa mkamwini anati asewere iye, achimwene anakana, anati mbale sangagwire mbale wake. Mwana wanga nayenso achimwene anamukana. Anayang'anayang'ana, panalibe wina.

"Ndisewera ine," ndinatero.

"Inu, ndi mkamwini wanu?"

"Kumaso sindiwayang'ana. Manja palibe anatiletsa."

Ndinakhala cham'mbali, ndinakoka mpango kuphimba tsaya la mbali yake, maso anga ali pa manja ake okha. Mwana wanga ndiye ankanditolera makadi pa mtolo n'kundiuza kuti tsopano ndi nthawi yanu. Ulendo woyamba ndinkangophunzira. Ndinabzala chimanga, nyani anadya. Ndinabzala chinanazi, chinachedwa kupsa. Ndinagonja, achimwene n'kumati, "Mwaona, umu ndi mmene amayambira, akukuyesani kaye."

Koma m'kati mwa ulendo umenewo maso anga anali atayamba kale ntchito ina. Zaka zija malemu ankasewerera pakhonde pathu ndi anzawo, ine ndikusenda chinangwa pambali, ndinaona chinthu chimene iwo mpaka kufa sanachione. Amene ankawadyera sankayang'ana makadi a m'manja mwake. Ankayang'ana kumsana kwa makadi a anzake, kakhwinya, kadontho ka mafuta, ngodya yopindika. Tsono apa panalibe chovuta. Ine chilembo sindichidziwa kuti chikuti chiyani, ndimangochiona ngati chithunzi, ichi chili ndi mimba, ichi chili ndi mwendo umodzi. Ndipo makadi amenewo ndinali nditawatembenuza masiku atatu. Wobiriwira wa mwendo umodzi anali nyani. Wachikasu wong'ambika m'mphepete anali mbozi. Wofiira wa theka la duwa anali napolo.

Ulendo wachiwiri ndinaona nyani ali m'manja mwake, ndinayamba ndaika galu ndisanabzale. Ndinaona mbozi, ndinasunga phulusa. Theka la duwa litaonekera pakati pa zala zake, ndinasiya kubzala. Ndinangokhala, ndikutola makadi, iye akudikira kuti munda wanga udzadze. Anadikira mpaka anatopa, anamuponya napolo pa chinangwa chimodzi chokha, yekha n'kutaya mbewu zake zitatu. Pamenepo ndinabzala nandolo, kalongonda, chimanga, zonse motsatizana. Nkhokwe inadzadza.

Ulendo wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi sanakolole n'kamodzi komwe.

Mkulu wake anati, "Iwe, masewero wapanga wekha akukukwapula ndi agogo a ndodo? Kapena ukuwapatsa ulemu?"

"Sindikuwapatsa, achimwene. Sindikudziwa chikuchitika n'chiyani."

Achimwene anga anandiyang'ana. "Mlongo, mukuchita bwanji?"

Ndikanakhala chete. Koma kupambana kumatsegula pakamwa. Ndinauza mwana wanga kuti ayale makadi chafufumimba pamphasa, ndipo ndinayamba kuloza ndi ndodo. Uyu nyani. Anatembenuza, nyani. Uyu galu. Galu. Iyi mvula, ichi chinanazi, iyi mbozi. Sindinaphonye.

Achimwene anaimirira. "Basi, mlandu watha. Makadi oikidwa zizindikiro. Amene amadinda makadi kumsana ndi wakuba pa njuga, ngakhale mwana amadziwa. Anthu ake a m'makutu aja ndi zimene amamuphunzitsa. Bambo," anatembenukira kwa mkulu wake uja, "mbale wanuyu mupita naye."

Mwana wanga anaika nkhope m'chitenje. Mkulu uja anayamba kuchonderera, achimwene akukana ndi dzanja. Ndinabweretsa mlanduwo ndine, umboni womaliza ndinaperekanso ndine, ndipo ndinaupereka pofuna kudzionetsa.

Pamenepo ndinachita chimene sindinachitepo. Ndinasuntha mpango pang'ono n'kumuyang'ana mkamwini kumaso.

Sankamva n'komwe kuti akuthamangitsidwa. Anali atagwada pamphasa, akutembenuza makadi, uyu kumsana, uyu kumaso, pakamwa pali yasa. Anatenga nyani awiri n'kuwaika pamodzi, onse obiriwira. Anadzimenya pachipumi. Kenako anayamba kuseka, kuseka komwe kuja kwa m'minibasi, mapewa akunjenjemera, dzanja likufufuza kakope m'thumba.

"Anthu a m'foni aja ananenatu zimenezi," anatero, osauza munthu. "Tsiku lina tili pa mlatho. Anati misana ya makadi izifanana yonse, apo ayi wapanga masewero awiri, ena a kumaso ena a kumbuyo. Ine ndinati katoni ndi katoni. Anyani onse ndinawadula tsiku limodzi pa katoni imodzi." Anayamba kulemba.

"Achimwene," ndinatero, "takhalani pansi."

"Mwaona nokha, mlongo."

"Ndaona, n'chifukwa chake ndikuti khalani. Wanjuga ine ndagona naye nyumba imodzi zaka zambiri. Owadyera anzawo ndawaphikirapo tiyi pakhonde panga. Wodinda makadi amadinda kuti awadziwe iye. Uyu makadi ake sakuwadziwa. Wagonja katatu kwa nkhalamba, pamaso pa nkhoswe, ukwati uli pa mpeni. Akanakhala wakuba akanapambana, kapena akanagonja mochenjera osaonetsa kudabwa. Ndipo wanjuga akagonja amayang'ana chimene chapita. Tamuonani uyo. Akusangalala kuti wapeza pamene analakwitsa."

Onse anamuyang'ana. Iye anazindikira, anabisa kakope kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

"Ndiye mukuti si njuga?"

"Ndikuti lero si njuga. Ndi matenda ena, sindikuwadziwa dzina. Koma si amene anandilanda mbuzi."

"Nanga mwatiitanira chiyani, ife kusiya mpunga uli pamoto?"

"Kuti muone. Mwaona."

Achimwene anakhala pansi akung'ung'udza. Kenako anagamula. Mkamwini akhale. Koma makadi asapite pamene pali mowa, asatuluke m'nyumba Loweruka la malipiro, ndipo tsiku limene padzaikidwe pansi ngakhale machesi amodzi, sipadzakhalanso kukambirana. Mkamwini anawomba m'manja kuvomera. Kenako ananong'oneza mkazi wake, ndipo mwana wanga, maso ali ofiira, anatembenukira kwa ine.

"Akuti muwathandize. Akakonza misana, mudzasewere nawonso, muone ngati pali pena pamene mungadutsire."

"Uwauze kuti ndidzasewera. Si kuwathandiza. Ndikufuna ndiziona ndi maso anga chimene chikuchitika m'chitinimo."

Lachiwiri lake m'minibasi anazengereza, dzanja lili m'thumba. Tinadutsa siteji ziwiri. Ndinauza kondakitala mokweza kuti, "Achimwene, muwauze bambo ali kutsogolowa kuti anzawo akuwadikira." Kondakitala sanamvetse kanthu, koma iye anamva. Anatulutsa timawaya take.

Tsono mumve kumene aliyense anathera. Achimwene anga anamwalira chaka chathachi, atadwala pang'ono, ndipo mpaka kupita kwawo kadi sanaligwirepo ndi dzanja, ngakhale kuti Lamulungu ankabwera kudzakhala pafupi n'kumauza anthu kuti waponya molakwika. Mkulu wa ku Milonde uja ali moyo, amalima nandolo, akabwera amaisimba nkhaniyi mondikometsera kuposa mmene inalili. Telala anasamukira ku Blantyre ndi mtolo wake, sitinamvenso za iye. Mwana wangayu anasiya kuthyola tiyi, msana unamuvuta, pano amagulitsa tomato ndi anyezi pa Limbuli. Anandikhululukira patapita mwezi, ngakhale kuti mmene akulembera apamu ndikuona kuti pang'ono patsala. Mkamwini akadali m'sitolo momwe muja. Misana ya makadi anaimata yonse ndi pepala la khaki, ndipo tsopano pamudzi pano pali mitolo isanu ndi umodzi. Sanalemere nazo, sanasaukenso nazo. Ine mwendo unapola mopindika, ku Boma sindipitanso. Ndimasewera Lamulungu masana, nditakhala cham'mbali, pena ndimapambana pena ayi.

Anthu atatu a m'foni aja akuti anangosiya kuyankhula, osatsanzika, osanena chifukwa. Mkamwini anadandaula sabata yathunthu, kenako anapeza ena. Atsopanowo sindinawamvepo mawu, ndipo ndamuuza mwana wanga kuti tsiku lina awaike pa kampando, nawonso tiwafunse.